Bwanji m'magalimoto akale a mpikisano munkakhala anthu awiri?

Funso: "Ine ndimakonda kuonera Formula 1, nde tsiku lina ndinaona chithunzi chakalekale cha galimoto ya mpikisano, mawilo ataliatali ngati a ngolo, koma chomwe chinandidabwitsa n'choti mkatimo munali anthu awiri, onse atavala magalasi oteteza fumbi. Wachiwiriyo anali ndani, ankangoperekeza? Nanga zimagalimoto zimenezo zinkathamangadi kapena linali phokoso chabe?"

Achimwene, wachiwiriyo sanali wa matola ayi, anali makaniko. Ndipo ndinenetu poyamba pomwe kuti ine amene ndakulira m'galaja, manja ali bii ndi oilo, ndimamuona ngati ndiye mwini nkhani yonseyi, kungoti dzina lake silinkalembedwa pa chikho. Mukadziwa chomwe ankakwerera ndi chomwe chinadzamutsitsa ndiye kuti mipikisano ya pakati pa 1894 ndi 1925 mwaimvetsa. Za liwirozo tifikako, manambala alipo ndipo ena akuzizitsani nkhongono.

Zinayambira ku France. Pa 22 Julayi 1894 nyuzipepala ya Le Petit Journal, kudzera mwa mkonzi wake Pierre Giffard, inakonza ulendo wa ngolo zopanda mahatchi kuchoka ku Paris kupita ku Rouen, makilomita 126. Analembetsa anthu 102 koma ambiri magalimoto awo anali a papepala chabe, moti tsikulo ananyamuka 21 okha, 17 n'kukafika. Kwenikweni sunali mpikisano wa sipidi, mphoto inali ya galimoto yosaopsa, yosavuta kuyendetsa komanso yosaboola m'thumba, ndipo panjira anaima pa Mantes kudya nkhomaliro mosatekeseka. Woyamba kulowa mu Rouen anali Jules-Albert de Dion patatha maola 6 ndi mphindi 48, pafupifupi makilomita 19 pa ola, sipidi yoti wa kabaza wamiyendo yake atha kulimbana nayo. Koma mphoto yaikulu anamumana. Galimoto yake inali yoyendera nthunzi, inkafuna munthu wina wosonkhezera moto, nde oweruza anati chinthu chofuna wantchito wapadera sitingachitchule chosavuta. Mafranc 5,000 aja anagawana a Panhard et Levassor ndi a Peugeot, onse a injini za petulo za mtundu wa Daimler. Mwaonatu, tsiku loyamba lomwelo munthu wachiwiri anali kale pakati pa mkangano.

Mpikisano weniweni, woti wofika msanga ndiye dolo, unadzachitika mu Juni 1895, kuchoka ku Paris kupita ku Bordeaux n'kubwereranso, makilomita 1,178. Apa pali mkulu wina amene ndimamuvulira chipewa, Émile Levassor, bambo wa zaka 52, mmodzi wa eni a Panhard et Levassor. Galimoto yake nambala 5 inali ndi kainjini ka masilinda awiri, malita 1.2, mphamvu ya mahatchi 4 basi. Matayala a labala wolimba opanda mpweya. Sitelingi kunalibe, ankakhotetsa ndi ndodo ngati mmene amachitira pa boti ya injini kunyanja kuja, ndipo usiku ankadalira nyali zoyatsa ndi machesi, kuwala kwake kongoposa koloboyi pang'ono. Anapangana kuti pa tauni ya Ruffec akasiyira dalaivala wina kuti iye akapumeko, koma anafikapo usiku, nthawi yomwe palibe ankamuyembekezera, mnzakeyo ali mtulo, nde mkuluyo anangoti basi tiyeni. Kufika ku Bordeaux, kutembenuka, pobwerera kumupeza mnzake uja ali maso tsopano, anakanabe kumusiyira. Maola 48 ndi mphindi 48 ali pa ndodo, makilomita 24 pa ola, womutsatira n'kudzafika patapita maola oposa asanu. Pambali pake nthawi yonseyo panali makaniko wake, d'Hostingue, naye osagona, koma chipilala chomwe chili ku Porte Maillot ku Paris ndi cha Levassor. Ndiye chosekesa, mphoto yoyamba nayenso sanalandire, poti malamulo ankafuna galimoto ya mipando inayi pomwe yake inali ya iwiri, inapita kwa Paul Koechlin wa Peugeot. Chaka chotsatira pa mpikisano wa Paris–Marseille–Paris, Levassor anagubuduzika pozemba galu, thupi silinabwererenso mwakale, anamwalira mu 1897.

Mu mpikisano womwewo wa 1895 munali abale awiri a Michelin, André ndi Édouard, ndi galimoto yokhayo ya matayala opopa. Anavutika nayo koopsa, matayala kuphulika pafupipafupi, mpaka anafika nthawi itatha kale. Anthu anawaseka. Sungani dzina limenelo, tikumana nalonso.

Tsopano ntchito ya wachiwiriyo inali yotani? Iyambire galimoto isananyamuke n'komwe. Kiyi wolizira kunalibe, injini ankaipukusa ndi hendulo kutsogolo. Amene munapukusapo injini ya dizilo ya chigayo mukudziwa kuti ikabweza imatha kukuthyola mkono, ine ndili mnyamata inandibwezapo kamodzi, sabata yathunthu nsima ndinkadyera kumanzere. Nde ganizirani injini ya malita 13, pisitoni imodzi kukula ngati chitini cha penti. Ikalira, makaniko adumphire mkati, ndipo sankakhala ngati bwana ayi. Dzanja limodzi lili pa pampu kupopera mpweya mu thanki kuti petulo akwere kukafika ku kabuleta, chifukwa mpweya ukatsika injini imayamba kutsokomola. Maso ali pa timagalasi ta pa dashibodi momwe oilo ankadontha dontho limodzilimodzi, akaona kuti kamodzi kauma aonjezere ndi pampu inanso. Khutu lili ku matcheni, poti magalimoto ambiri ankakoka mawilo akumbuyo ndi matcheni awiri ngati njinga, tcheni ikaduka ndi iyeyo wokwawira pansi. Galasi loonera kumbuyo kunalibe, nde azicheuka kaŵirikaŵiri, akaona wina akubwera m'fumbimo amugogode dalaivala paphewa, kulankhulana sikunkatheka ndi phokoso. Pa kona azipendekera kunja kuti galimoto isanyamule mawilo. Zonsezi wopanda lamba, wopanda chipewa cholimba, kampando kake kokhala ngati beseni, dalaivala bola anali ndi sitelingi yogwira, makaniko ankangogwirira chilichonse chomwe dzanja lapeza. Mabuleki anali a mawilo akumbuyo okha.

Ndipo chachikulu n'chakuti mipikisano yoyambayo inali ya tauni ndi tauni, m'misewu wamba ya fumbi ndi miyala. Galimoto ikafa pa kilomita 300, kulibe woimbira foni, kulibe gulu la anthu ovala yunifomu lothamanga ndi majeke. Galaja yanu ndi munthu amene mwakhala nayeyo ndi kabokosi ka masipanala.

Pa funso la sipidi lija, zinthu zinasintha mofulumira zedi moti n'zovuta kukhulupirira. Mu 1895 tinali pa makilomita 24 pa ola. Pa 29 Epulo 1899 Camille Jenatzy wa ku Belgium anadutsa makilomita 100 pa ola ku Achères, anafika 105.88, ndipo galimoto yake, La Jamais Contente, yooneka ngati chipolopolo, inali ya magetsi. Ee, ya mabatire, amene amati magalimoto a magetsi ndi zobwera dzulo amve pamenepo. Kungoti mabatire a nthawiyo ankatha mphamvu pakamtunda kochepa, nde pa maulendo aatali petulo ndiye anapambana. Jenatzy ankamutcha mdyerekezi wofiira chifukwa cha ndevu zake zofiira ndi kayendetsedwe kake. Imfa yake sinali ya pamsewu, mu 1913 ali kosaka ndi anzake anabisala patchire n'kumalira ngati nyama kuti awapusitse, mmodzi anaombera zenizeni.

Maonekedwe a galimoto anasinthanso ndi ngozi. Mu Malichi 1900 Wilhelm Bauer, wantchito wa kampani ya magalimoto ya ku Germany ya Daimler, anafa pa mpikisano wokwera phiri wa La Turbie kufupi ndi Nice, galimoto yake inali yaitali kupita m'mwamba koma yaifupi, yolemera kumutu. Emil Jellinek, wamalonda amene ankagulitsa ma Daimler kwa anthu olemera kumeneko, anaumiriza kampaniyo kuti ipange yotsika, yotambalala, ya injini yopepuka. Injiniya wa kampaniyo Wilhelm Maybach anaipanga, ya mahatchi 35, rediyeta yake ya timabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo Jellinek anaipatsa dzina la mwana wake wamkazi, Mercédès. Mu Malichi 1901 inasesa mipikisano ya ku Nice. Dzina lomwe mumaliona pa mabenzi lija linayambira pamenepo.

Koma pali lamulo lina lomwe ine ndimaliona kuti linapha anthu ambiri mosadziwa. Kuyambira 1902 anati galimoto isapitirire makilogalamu 1,000, poganiza kuti zichepetsa ukali. Opanga anangochita masamu awo, injini ikule, zina zonse zionde. Panhard inabwera ndi ya malita 13.7, tchesi n'kuibowolabowola kuti ipepuke, mipando kungotsala dzina. Chinjini cha chilombo pa mafupa a nkhuku.

Mapeto ake anaoneka pa 24 Meyi 1903, mpikisano wa Paris–Madrid. Ananyamukira ku Versailles m'bandakucha, 3:45, magalimoto ndi njinga zamoto zoposa 200, imodzi imodzi motalikirana mphindi imodzi. Kunali kouma, fumbi koboo, moti madalaivala ena ankangoyang'ana nsonga za mitengo ya m'mbali kuti adziwe komwe msewu ukulowera. Anthu anadzaza m'misewu, anthu oti chiyambire sanaonepo chinthu chothamanga kuposa hatchi kapena sitima, nde ankaima pakati pa msewu kusuzumira n'kumapatuka galimoto itafika kale. Fernand Gabriel pa galimoto ya Mors anayenda makilomita pafupifupi 550 kukafika ku Bordeaux m'maola 5 ndi mphindi 14, avereji ya makilomita 105 pa ola. Avereji achimwene, osati pomwe inathamangitsitsa. Pamsewu wafumbi, akupitirira anzake ambirimbiri osawaona bwino, zaka 8 zokha chichitikireni za Levassor zija pamsewu womwewo. Ndiye mukafunsa ngati zinkathamangadi, yankho ndi limenelo.

Koma kumbuyo kwake kunali maliro okhaokha. Marcel Renault, amene chaka chapitacho anawina Paris–Vienna ndi kagalimoto kakang'ono, anaphonya kona m'fumbi pa Couhé-Vérac, anamwalira patapita masiku awiri. Mchimwene wake Louis anafika ku Bordeaux bwinobwino, wachiwiri kwa Gabriel pa nthawi, n'kulandiridwa ndi uthenga wa ngoziyo. Lorraine Barrow anagunda galu n'kukawomba mtengo, makaniko wake Pierre Rodez anafera pompo, iye anadzamwalira pambuyo pake. Wolseley ya Leslie Porter inagubuduzika n'kuyaka, amene anapsera momwemo anali makaniko, Nixon. Onse pamodzi, oyendetsa, amakaniko ndi oonerera, anafa anthu osachepera 8. Boma la France linaimitsa mpikisanowo pa Bordeaux pomwepo, Madrid sanaione, ndipo magalimotowo sanaloledwe ngakhale kulizidwa, anakokedwa ndi mahatchi kupita ku siteshoni ya sitima.

Munalinso mayi mmenemo, Camille du Gast, pa galimoto ya De Dietrich. Ankayenda bwino kwambiri mpaka anapeza mnzake Phil Stead atapanikizika pansi pa galimoto, anaima kumuthandiza, n'kudzamaliza kumbuyo. Chaka chotsatira bungwe la magalimoto la ku France linaletsa amayi kupikisana nawo. Kuthokoza kwake kumeneko.

Kuchokera apo mipikisano ya tauni ndi tauni inatha, anayamba kutseka misewu n'kumazungulira. Nthawi yomweyo kunali chikho cha Gordon Bennett, mwini nyuzipepala ya New York Herald, kuyambira 1900 mpaka 1905, chomwe chinali cha maiko, lililonse magalimoto atatu, ndipo chilichonse cha pa galimotoyo chikhale chopangidwa m'dziko lomwelo. Mitundu ya penti ija inayambira kumeneko, France buluu, Germany yoyera, Belgium yachikasu. A ku Britain atawina mu 1902 ndi Selwyn Edge pa Napier anayenera kuchititsa wa 1903, koma kwawo malamulo sankalola kuthamangitsana pamsewu, nde anakachitira ku Ireland, magalimoto awo atapentedwa girini, ndipo anawina ndi Jenatzy wa ndevu uja pa Mercedes. A ku France zoti iwo okhala ndi mafakitale ambirimbiri azipatsidwa malo atatu ofanana ndi dziko la fakitale imodzi zinkawawawa, n'chifukwa chake anayambitsa wawo, Grand Prix.

Grand Prix yoyambayo, ya pa 26 ndi 27 Juni 1906 kufupi ndi Le Mans, ndi imene ndimaikonda kuifotokozera ana a ntchito. Njira yake inali ya makona atatu, makilomita 103 kuzungulira kamodzi, kasanu ndi kamodzi patsiku, masiku awiri, onse pamodzi makilomita 1,238. Magalimoto 32. Pofuna kupha fumbi anathira phula, koma kunatentha kwambiri moti phulalo linasungunuka n'kumathovukira kumaso, kulowa mpaka mkati mwa magalasi, dalaivala wina wa Renault, Edmond, anasiyira panjira maso atapsa. Ndipo lamulo linali lakuti wogwira galimoto ndi anthu awiri okhawo, dalaivala ndi makaniko wake, wina aliyense kukhudza ayi. Usiku magalimoto anatsekeredwa mumpanda ndi alonda kuti pasapezeke wokonza mwakabisira.

Nde taganizirani tayala laphulika. Wilo ndi la masipoko a mtengo, silichoka. Mukweze jeke, mutenge mpeni n'kucheka tayala lakalelo lili lotentha ngati mbaula, mulikanganule, mulowetse chubu ndi tayala latsopano ndi zitsulo zotemera zija, kusamala kuti musatsine chubu, kenako mupope. Amene munamatapo tayala la lole pamsewu dzuwa lili pamutu mukudziwa thukuta lake. Anthu odziwa ntchito zinkawatengera mphindi 15, ndipo pa mpikisano umodzi zinkachitika kambirimbiri. Apa ndi pomwe a Michelin aja anabwezera chipongwe. Anabweretsa rimu yochotseka, tayala lopoperatu lili kale pa rimu yake, inu kungomasula manati 8, kuchotsa, kuvala ina, kumanga, mphindi zosakwana 4 mwanyamuka. Renault ndi Fiat anaika, ena ambiri sanathe chifukwa marimuwo ankalemera ndipo magalimoto awo anali kale pa malire a makilogalamu aja. Anawina ndi Ferenc Szisz pa Renault ya malita 13, maola 12 ndi mphindi 14, avereji ya makilomita 101 pa ola, kumusiya Felice Nazzaro wa Fiat ndi mphindi 32. Omaliza anali 11 okha. Ine ndimati mpikisano umenewo unawinidwa ndi sipanala. Ndipo Szisz ameneyu, wobadwira ku Hungary, anali ndani? Makaniko. Ndi amene ankakhala pa kampando kaja pambali pa Louis Renault kuyambira 1902. Tsikulo pambali pake panali wina, Marteau.

Zoterezi zinali zambiri. Madalaivala oyambirira anali a mitundu iwiri, ana a anthu olemera ofuna kusangalatsa mtima, ndi anyamata a m'fakitale amene anakwera kuchokera pa kampando ka makaniko kapena pa ntchito yoyesa magalimoto. Nazzaro ndi Vincenzo Lancia anali a m'fakitale ya Fiat, Lancia n'kudzatsegula kampani yakeyake mu 1906. Christian Lautenschlager amene anawinira Mercedes mu 1908 ku Dieppe anali woyesa magalimoto ku Daimler, atawina anabwerera ku ntchito yake. Olemerawo ndiye ankatenga ulemu wonse. Onani ulendo wa Peking–Paris wa 1907, kuchokera ku China mpaka ku France, magalimoto asanu, kudutsa chipululu cha Gobi ndi Siberia, petulo atatsogola pa ngamila. Amatchuka ndi Scipione Borghese, mwana wa banja lachifumu la ku Italy, amene ananyamuka pa 10 Juni n'kulowa mu Paris pa 10 Ogasiti pa galimoto ya Itala. Koma amene ankagona pansi pa galimotoyo usiku uliwonse kumanga zomwe zamasuka, n'kumayendetsanso mbali yaikulu, anali Ettore Guizzardi.

Ku Dieppe komweko mu 1908 ndi komwe kunabadwira mawu omwe mumamva pa TV aja akuti pit. Anakumba ngalande m'mbali mwa msewu kutsogolo kwa oonerera, momwe magulu ankasungamo matayala, mafuta ndi zida osatchinga anthu. Linali dzenje lenileni. Kwa ine dzenje limenelo ndi lomwe linayamba kumudyera ntchito makaniko wokwera, chifukwa galaja ikakhala pamalo amodzi pomwe mukudutsa kaŵirikaŵiri, mukunyamuliranji munthu wa makilogalamu 70? Mabwalo omangidwira mpikisano anaonjezera, Brooklands ku England mu 1907, wa konkire wa makona opendekeka, womangidwa chifukwa m'misewu ya ku Britain malire anali mamailosi 20 pa ola, kenako Indianapolis ku America, woyalidwa njerwa 3.2 miliyoni.

Ku Indianapolis pa 30 Meyi 1911, mpikisano woyamba wa mamailosi 500, magalimoto 40, onse anthu awiriawiri kupatula imodzi. Ray Harroun, injiniya wa kampani ya Marmon, anabwera ndi ya mpando umodzi, yachikasu, yosongoka kumbuyo, yotchedwa Wasp. Anzake anadandaula kuti ameneyu atipha, adziwa bwanji kuti kumbuyo kukubwera munthu? Iye anangomangirira galasi patsogolo pake pa tizitsulo. Anayenda modekha kusunga matayala, paja kuthamanga sikufika, pakati anapumako pang'ono Cyrus Patschke atamugwirira, n'kuwina pa avereji ya makilomita pafupifupi 120 pa ola. Tsiku lomwelo munthu mmodzi anafa, Sam Dickson, makaniko wa Arthur Greiner. Mungaganize kuti apa aliyense anaona kuti galasi ndi lotchipa kuposa moyo wa munthu, koma ayi ndithu, chaka chotsatira analamula kuti makaniko azikwera basi. Chaka chimenecho, 1912, Ralph DePalma anatsogola pafupifupi mpikisano wonse, Mercedes yake n'kufa kutatsala pang'ono kumaliza, iye ndi makaniko wake Rupert Jeffkins anatsika n'kuyamba kuikankha, Joe Dawson n'kuwadutsa kukatenga chikho.

China chomwe chinamutsitsa makaniko ndi injini yomwe. Mpaka cha m'ma 1911 nzeru inali imodzi, ukafuna sipidi kulitsa injini. Blitzen Benz inali ya malita 21.5 ndipo Bob Burman anafika nayo makilomita 228 pa ola pamchenga wa ku Daytona mu 1911, Fiat n'kupanga S76 ya malita 28, masilinda anayi okha, silinda imodzi malita 7. Kenako ku Peugeot madalaivala atatu odziwa sipanala, Georges Boillot, Jules Goux ndi Paolo Zuccarelli, pamodzi ndi wojambula mapulani wa ku Switzerland Ernest Henry, anapempha kuti apange yawo. Mainjiniya a masukulu a pakampanipo ankawanyoza, kuwatcha ma charlatan, kunena kuti akatswiri abodza. Anatulutsa injini ya malita 7.6, makamushafuti awiri pamwamba, mavavu anayi pa silinda iliyonse, yopuma bwino, yozungulira msanga. Mu 1912 ku Dieppe Boillot anagonjetsa nayo ma Fiat a malita 14, mu 1913 Goux anakawina ku Indianapolis, akumwako shampeni poima kuthira mafuta. Mukatsegula boneti ya galimoto zambiri za masiku ano n'kuona palembedwa DOHC 16 valve, mudziwe kuti agogo ake ndi amenewo. Injini zoterezi zinayamba kudzithira zokha oilo ndi pampu, matcheni anasiyidwa n'kuika shafuti, wilo lonse linayamba kuchoka ndi nati imodzi yapakati yomenya ndi hamala. Ntchito za munthu uja zinkatha imodzi imodzi.

Mpikisano womaliza wa nyengo imeneyo unali wa ku Lyon pa 4 Julayi 1914, patangopita masiku 6 chiphedwereni Franz Ferdinand, woyembekezera ufumu wa Austria-Hungary, ku Sarajevo. Injini zosaposa malita 4.5, makilomita 752. Peugeot inali ndi mabuleki mawilo onse anayi, Mercedes inalibe, koma inabwera ndi magalimoto asanu ndi pulani. Max Sailer anathamanga ngati wamisala koyambirira, Boillot n'kumamuthamangitsa, Sailer galimoto inafa, kenako Lautenschlager anayamba kumufinya pang'onopang'ono mpaka Peugeot ya Boillot inagonja pa raundi yomaliza. Mercedes yoyamba, yachiwiri, yachitatu, Lautenschlager, Louis Wagner, Otto Salzer, pamaso pa khamu la Afalansa. Mwezi usanathe bwino nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba. Boillot anakakhala woyendetsa ndege ya nkhondo, anamugwetsa mu 1916.

Nkhondo itatha makaniko anakwerabe zaka zingapo, ngakhale ntchito yake yeniyeni inali itatsala yocheuka ndi kuthandiza pa pit. Mu 1924 ku San Sebastián ku Spain, Sunbeam ya Kenelm Lee Guinness inachita ngozi, dalaivala anapulumuka atavulala, makaniko wake Tom Barrett anafa. Kuyambira 1925 Grand Prix inaletsa kukweza makaniko, koma kwa kanthawi magalimoto anapitiriza kupangidwa a mipando iwiri, winawo uli wopanda munthu, mpaka ya mpando umodzi pakati ngati Alfa Romeo P3 ya 1932 inadzakhazikika. Ku Indianapolis anawasiya mu 1923, n'kuwabwezanso kuyambira 1930 mpaka 1937. Amene mumamuona lero pambali pa dalaivala mu rally ndi wina, uja ntchito yake yaikulu ndi kuwerenga njira, ngakhale tayala likaphulika kutchire naye amatsika ndi jeke.

Chithunzi chanucho mutha kuchiyerekeza zaka nokha. Ngati dalaivala wagwira ndodo m'malo mwa sitelingi, ndi cha m'ma 1890. Ngati mukuona tcheni chachikulu pambali kutsogolo kwa wilo lakumbuyo, n'kutheka kwambiri kuti sichinapitirire 1912. Ngati boneti ndi yotsetsereka kutsogolo yopanda rediyeta, rediyetayo ili kumbuyo kwa injini pafupi ndi mawondo a dalaivala, mwina ndi Renault ngati ya Szisz ija. Matayala awiri atatu omangidwa ndi malamba kumbuyo kwa thanki yozungulira ngati mgolo, ndi nyengo ya 1906 mpaka 1914. Ndipo poti ambiri mwa magalimoto amenewo sitelingi inali kumanja, amene wakhala kumanzere kwa dalaivala, motsikirako pang'ono, dzanja limodzi litazungulira kumbuyo kwa mpando wa mnzake kuti asagwe, ndi makaniko wathu uja. Muonetsetse dzanja linalo, kaŵirikaŵiri limakhala lili pa pampu.